Mthunzi wa Dzanja

Anandilemba ntchito chifukwa ndimadziwa mbuna.
Zaka khumi ndi zinayi m'matanki a ku Kambiri,
matenda a nsomba ndinkawaona pa kasambiridwe.
Koma ichi bwana anabwera nacho pa ndege,
chinkhono cha m'nyanja yamchere,
kukula ngati lichero lopinda pakati.
Chilibe nkhope yoti ndiiwerenge.
Sichisambira, sichibuula.

Chikakhala bwino chimayala milomo yake pa chigoba
ngati chitenje chatsopano pa chingwe,
chabuluu, chamadontho agolide,
mpaka alendo a pa hotelo kuiwala makiyi pa kauntala.

Lachiwiri lija chitenjecho chinayamba kufwifwa.
Mbali imodzi inakwinyika ngati wina wachitsina.

Ndinayamba ndi mchere.
Dontho pa kagalasi, diso pa kachipangizo, kuloza ku windo:
uli bwinobwino.
Ndinawerenga madontho a mankhwala m'kabotolo,
lachisanu ndi chiwiri, lachisanu ndi chitatu, madzi n'kusintha mtundu.
Laimu womangira chigoba alimo wokwanira.
Ndinalemba m'kope.
Kope silinandiyankhe.

Kapena n'kutentha?
Okutobala wa ku Salima amafewetsa phula pa msewu wa ku Senga Bay,
ndipo magetsi akathima masana
nyali za pa thanki zimafa, makina oziziritsa amatsokomola n'kukhala duu.
Jenereta ikufuna dizilo,
dizilo akufuna siginecha ya akauntanti,
akauntanti ali ku maliro ku Chipoka.
Ndinakapempha mabotolo a madzi oundana kwa Esinta wa ku bala
n'kuwayandamitsa limodzilimodzi, thukuta lili kamukamu.

Ndinakayikiranso kansomba kachikasu kaja
kamene kamadutsa pafupi ngati kosadziwa kanthu.
Ndinakatsekera m'kaneti masiku atatu.
Kanalibe mlandu.
Ndinakapepesa ndi chakudya.

Mayi a kunyumba akuti:
mwana atadwala malungo munagona kuchipatala usiku umodzi wokha,
lero mukuchezera nkhono?
Ndinangoti chete.
Mtengo wake ndi malipiro anga a miyezi isanu ndi inayi.
Koma si zokhazo,
ndipo zinazo sindidziwa kuzinena.

Anandithandiza ndi Sumaili, mlonda.
Anati, wakuba sabwera nyali zikuyaka.
Tinadikira mpaka cha m'ma thu koloko
ndi tochi yake ya mabatire atatu.
Ndinapendeketsa chinkhono pang'onopang'ono
kuopa kudula ulusi umene chimagwirira mwala,
ndipo kunsi, m'mphepete mwa chigoba,
tinkhono toyera, tochepa kuposa mpunga wosweka,
tili mbuu, tikuyamwa.

Nkhono kudya nkhono inzake.
Sumaili anaseka chapansipansi: ngati anthu tomwe.

Mswachi watsopano, beseni la madzi a m'thanki momwemo.
Ndinachotsa makumi anayi ndi tiwiri,
ndi mazira ake onanda ngati mamina.
Mawa lake khumi ndi kamodzi.
Mkuja wake titatu, kenaka tisanu ndi tinayi, mtima n'kugwanso.
Usiku ndi usiku, sabata zitatu.

Bwana amaimba foni ali ku Lilongwe: chili bwanji?
Ndimati chikuyesera.

Pali kuyeza kumodzi kosafuna botolo.
Umadutsitsa dzanja pakati pa nyali ndi madzi.
Chamoyo chimadzidzimuka, n'kukoka milomo, n'kutseka.
Chopita chimangoyasama.
Sabata yatha chinkachedwa kuyankha
ngati munthu woitanidwa ali m'tulo.

M'mawa uno, ndisanasese,
ndisanavale ndi yunifolomu yomwe,
ndinakweza dzanja.
Mthunzi unagwa.
Chinatseka kuti phwa, madzi n'kundithira kumaso,
ndipo ine wokulira pa madzi opanda mchere
ndinapezeka ndikunyambita milomo.

Mbali yotsinidwa ija sinawongokebe.
Tochi ya usiku uno ndabwereka kale,
mabatire ndagula ndi zanga.